Chisanu Chimene Amayi Ankamwa Sasaparila

Fungo la mizu ija silinandichoke m'mphuno mpaka lero. Linali ngati la dothi limene langolandira mvula yoyamba, koma lotsekemera pang'ono, ndipo pansi pake pankamveka kuwawa kwa khungwa la mtengo. Likayamba kutuluka m'kapoto kabuluu, linkadzaza khitchini yonse, n'kukwera masitepe, n'kukalowa m'makatani ngakhalenso m'juzi yanga ya kusukulu. Anzanga a m'kalasi ankandinunkhiza paphewa n'kumafunsa ngati kwathu timagulitsa mankhwala a chifuwa. Mizuyo dzina lake ndi sasaparila. Amayi ankaiwiritsa m'nyumba yathu ya lendi ku Bilston, ku England, m'chisanu chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

M'nyumbamo tinalimo atatu basi: amayi, adadi ndi ine Tiyamike. Amayi ndiwo anatsogola kubwera kuno kudzagwira unesi, ife n'kuwatsatira pambuyo. Kumudzi, ku Dowa, adadi anali mphunzitsi wa masamu wa kusekondale, munthu wa tayi, wopatsidwa moni ndi msika wonse. Kuno ankanyamula mabokosi a zitsulo za galimoto pa weyahausi ina chakufupi ndi Solihull, ndipo ankabwerako manja atachita bii, osafuna kulankhula ndi munthu. Nyumba yathu inali imodzi mwa nyumba zogundizana zija, za njerwa zodetsedwa ndi utsi wa mafakitale amene anatsekedwa kalekale. Kapeti yake inkanunkha agalu a anthu amene ankakhalamo ife tisanabwere. Kuseri kunali kabwalo ka simenti, mpanda wa matabwa, kenaka ngalande ya madzi obiriwira osayenda, mmene munali tirole ya kusitolo itagona chagada. Thiramu, sitima ya mumsewu, ikamadutsa, masupuni ankalira m'dirowa.

Ineyo ndinali ndi ntchito yanga m'nyumba imeneyo, ndipo ndinkainyadira zedi. Mwezi uliwonse, kwa masiku angapo, amayi akamaphika ndiwo ankandiitana kuti ndidzathire mchere. Ankandiyezera ndi maso, ine n'kutapa ndi zala, n'kuwaza mumphika, iwo manja ali kumbuyo ngati mcherewo ndi moto. Chifukwa chake sankandiuza, inenso ndinkangoti kaya dzanja langa n'lokoma. Ndinadzamva nditakula kuti kwathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, angadwalitse mwamuna ndi ana matenda aja amati mdulo, ndiye amaitana kamwana kuti kamuthirire. Amayi anali nesi wodziwa ntchito, wobaya azungu jakisoni tsiku ndi tsiku, analinso Mkhristu wosajomba kutchalitchi, koma nkhani ya mchere ayi ndithu, sankachita nayo masewera. Adadi nawo ankadziwa kuwerenga kalendala imeneyi. Akangomva kuti, "Tiya, tabwera kuno kukhitchini," ankadziwa kuti mwezi unonso palibe kanthu, ndipo ankangokweza mawu a wailesi ya kanema.

Kanthu kamene ankadikirako kanali mwana. Ine ndinali ndekha, wopanda mng'ono, wopanda mlongo, ndipo nkhani imeneyi inkatitsatira kuchokera ku Dowa kudzera pa foni. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi adadi ankakanda khadi ija yoimbira kunja n'kuimbira achemwali awo aakulu, azakhali anga, munthu wakuthwa pakamwa. Masiku amenewo ine ndinkayankha m'Chingerezi chokhachokha, koma Chichewa ndinkachimva chonse, makamaka chimene sankafuna kuti ndimve. Azakhali ankafunsa za chisanu, za katundu amene anatuma, kenaka n'kufika pomwepo. "Kodi achimwene, Nabanda uja wangokhutira ndi kamodzi komweko? Dzina la bambo athu lithere pa siketi?" Adadi ankaseka mongokakamiza, n'kunena kuti Mulungu ali ndi nthawi yake. Amayi ankalowa m'khitchini n'kutsegula mpopi mwamphamvu.

Chaka chimenecho, masamba atayamba kuyoyoka m'mitengo, amayi anasiya kundiitana. Mwezi unatha, wina n'kulowa, ndiwo zikungobwera patebulo zili ndi mchere kale. Ine zinandiwawa, ndinkaona ngati andichotsa ntchito popanda mlandu, moti ndinkachita kuzungulirazungulira m'khitchini dala kuti mwina andikumbukira. Ndinene pano kuti musavutike n'kuganiza: mimba panalibe. Amayi anali atangopitirira zaka makumi anayi, ndipo thupi lawo linali litayamba kutseka lokha, msanga kuposa anzawo. Ankasiya kusamba, monga amanenera akuluakulu. Poti ndi nesi, anadziyeza okha n'kudziwa bwinobwino kuti za kubereka zatha. Chimene sankadziwa ndi mmene angamuuzire mwamuna amene wadikira mwana wachiwiri zaka zonsezo, komanso ngati mwamunayo angakhalebe pakhomo atamva.

Adadi anawerengera masamu awo a mchere n'kupeza ansala ina. Tsiku lina tikudya mpunga ndi nyemba, analawa, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ana amayi, nkhope yawo n'kuyamba kumasuka pang'onopang'ono. "Nabanda, masiku ano Tiya simukumuvutitsa kukhitchini," anatero. Thukuta linali litayamba kutsika m'khosi mwa amayi, ndipo iwo anadzuka kukatsegula chitseko cha kuseri. Adadi anaseka, kuseka kwenikweni kumene ndinali ndisanakumvepo chibwerereni ku England. "Ndi mmene munkachitiranso pa uyu," anatero akundiloza ndi supuni. "Kutentha kwake komweku." Amayi sanavomere, koma sanakanenso. Anangoima pakhomopo, msana uli kwa ife, mphepo ikulowa.

Koma kutenthako, abale inu, kunali kutentha. Kunja kukuzizira mpaka madzi kuuma pa magalasi a magalimoto, ife tavala majuzi awiriawiri, amayi ankangodzidzimuka ngati wina wawathira madzi a moto kumsana. Nkhope inkachita kunyezimira, thukuta lili kamukamu, iwo n'kuvula juzi, kutsegula windo, kudzikupiza ndi chivundikiro cha poto. Nthawi zina ndinkawapeza ataima pa kabwalo ka kuseri, ali ndi chitenje ndi bulauzi yokha, mapazi pa simenti yozizira, nthunzi ikufuka m'mutu. Pakapita kanthawi ankayamba kunjenjemera, n'kulowa, n'kukakumbatira hita. M'mawa uliwonse mashiti a pabedi ankakhala atayanikidwa pa zitseko ndi pa masitepe, nyumba yonse n'kumanunkha chinyontho. Mtima nawonso unali pafupi. Tsiku lina anandikalipira chifukwa cha sokosi imodzi mpaka mawu kuwathera, kenaka anakhala pa sitepe ya pansi n'kumalira, ine nditaima ndi sokosi ija m'manja, osadziwa kolowera.

Mumsewu wathu wonse, nyumba yotsegula mawindo inali yathu yokha. Ndikamachokera kusukulu, kiyi ali m'khosi, mdima utayamba kale ngakhale kuti tsiku linali lisanathe, ndinkaizindikira ndili patali chifukwa cha katani imene inkakupiza panja. Magetsi a mumsewu anali achikasu, ndipo chilichonse pansi pake, anthu, agalu, njerwa, chinkaoneka chodwala. Woyandikana nafe anali mzungu wokalamba amene anagwira ntchito ya zitsulo moyo wake wonse, wa chifuwa chosatha, woweta nkhunda kuseri kwa nyumba. Ankaima pampanda n'kumawaseka amayi kuti iye ankamva kuti anthu a ku Africa amaopa chisanu, koma awa akufuna kutenthetsa Bilston yense. Amayi ankaseka nawo mwaulemu. Akalowa m'nyumba, kuseka kuja kunkathera pakhomo.

Amene anaona zoona anali nesi mnzawo wa kuwodi, mayi wina wa ku Jamaica, wamkulu thupi ndi msinkhu womwe, amene ndinkawatchula kuti Anti Velma. Akuti anawapeza amayi atalowetsa mutu m'fuliji ya m'chipinda chopumira manesi, ndipo sanafunse zambiri. Loweruka lina anatitenga kupita kumsika wa Bilston. Ndikukumbukira kamvula kowaza, fungo la nsomba zaziwisi ndi la tchipisi zachikasu zija za kumeneko, ogulitsa akukuwa m'Chingerezi chimene ngakhale adadi sankachimva. Chakumapeto kunali benchi ya bambo wina wa chipewa cha ubweya, yodzaza zilazi, nthochi zophika, nsomba zamchere ndi timajumbo ta makungwa ndi masamba ouma. Bamboyo anatulutsa kamtolo ka mizu yaitali, yopyapyala, yamakwinya, yopindidwa ngati chingwe chakale. Anti Velma anaifikitsa pamphuno pa amayi. Anati kwawo azimayi akafika pa msinkhu umenewu amamwa imeneyi, imatsuka magazi n'kuziziritsa thupi, ndipo abale awo onse aakazi anadutsa ndi yomweyo. Ine ndinali kalikiliki ndi tchipisi, sindinafunse kuti msinkhu wake uti. Amayi anayang'ana uku ndi uku kuona ngati pali Mmalawi pafupi, n'kuiponya pansi penipeni pa chikwama.

Mungafunse kuti nesi wathunthu analekeranji kupita kwa dokotala. Mapiritsi ake analipo, iwo ankawadziwa, ngakhale kuti masiku amenewo anthu ankawanenera zoopsa zambiri. Koma mapiritsi amabwera m'kabokosi kolembedwa, ndipo adadi anali munthu wowerenga chilichonse, ngakhale kuseri kwa botolo la mafuta ophikira. Mizu siilembedwa. Amayi ankaisunga m'chitini cha mabisiketi, kuseri kwa thumba la mpunga. Akabwera ku shifiti ya m'mawa ankathyola timizu tingapo, kutitsuka, kutiphwanya ndi kumsana kwa mpeni, n'kutiwiritsa pa moto wochepa mpaka madzi atachita psuu ngati tiyi wopanda mkaka. Pamwamba pake pankabwera kathovu ngati ka sopo. Ankasefa, n'kumwa ataima pawindo, maso ali ku ngalande. Ine ndinalawako kamodzi: poyamba kutsekemera, kenaka kukanda kukhosi. Ngati inkawathandiza, kaya, sindikudziwa. Iwo ankati masiku ena kutentha kunkabwera mofatsa, koma mashiti sanasiye kuyanikidwa. Adadi atafunsa za fungolo anauzidwa kuti ndi tiyi wa ku Jamaica, ndipo anangogwedeza mutu n'kumwetulira, poti munthu woyembekezera amalakalaka zachilendo.

Sindinawaonepo adadi ali okondwa ngati miyezi imeneyo, ndipo n'chifukwa chake kuikumbukira kumandiwawa. Anayamba kuimba mluzu pometa ndevu. Ankawalanda amayi majumbo a kushopu, kuwaletsa kukolopa, kuwachapira mayunifolomu n'kuwasita okha. Anayamba kundiphunzitsa masamu patebulo la m'khitchini, ndi mawu awo akale aja a m'kalasi. Loweruka lina anapita kumsika wa zakale, kuja anthu amagulitsira katundu m'mabuti a magalimoto, n'kubwerako atasenza kabedi ka mwana kophwasula, atakamanga ndi chingwe. Akuti anakwera nako thiramu, anthu osawadziwa n'kumawafunira mafuno abwino. Kwathu zimenezi sachita, mwana asanabadwe samugulira kanthu, ndipo ngakhale mimba yeniyeniyo siitchulidwa pagulu. Koma adadi anati kuno n'kwina. Anakapala ndi sandipepa pa kabwalo, m'chisanu chomwecho, n'kukapaka penti yoyera, n'kukakweza m'chipinda changa. Ine za mchere ndinaziiwala. Ndinali nditatsimikiza kuti akhala mnyamata, ndinamupatsa dzina loti Dalitso, n'kumamusungira tizidole timene ndinkapeza m'mabokosi a chakudya cha m'mawa.

Amayi anayesa kunena. Izi ndinaziona ndi maso anga, ngakhale sindinkadziwa chimene ndikuona. Masana amene adadi ankalumikiza kabedi kaja, amayi anakwera masitepe n'kuima pakhomo, atanyamula kapu ya tiyi. Adadi anali atagwada, masikuluwu ali kukamwa, akuimba nyimbo ya kutchalitchi ndi m'mphuno. "A Phiri," anatero amayi. Adadi anatembenuka, nkhope ili mwee, penti ili pachipumi. Amayi anawayang'ana. "Tiyi wanu akuzizira," anatero, n'kuika pansi, n'kutsika.

Anti Velma anabwera tsiku lina kudzasiya mizu ina, ndipo ine, pakamwa panga pano, ndinawakoka dzanja mpaka m'mwamba kuti akaone kabedi ka Dalitso. Anaima pakhomo akupumira m'mwamba chifukwa cha masitepe. Sananene kuti n'kokongola. Anandisisita m'mutu, n'kutsika, n'kutseka chitseko cha khitchini. Ndinamva akuwakalipira amayi m'Chingerezi chawo chovina chija, kuti amuuze mwamunayo lero lomwe, palibe mkazi anafapo chifukwa chonena zimenezi. Amayi anangoyankha kuti, "Kwanu mwina zimanenedwa." Ndipo sankanama. Kwathu, mmene iwo anakulira, mkazi akafika pamenepo ankayala mphasa yakeyake, n'kukhala ngati mlongo wa mwamuna wake, ndipo abale a mwamuna sankaona cholakwika iye akayang'ana kwina. Amayi anaziona zimenezi zikuwachitikira amayi awo aang'ono. Inde anali ndi satifiketi, anali ndi ntchito imene inatibweretsa tonse kuno, koma azakhali ankawadziwa, ndipo ankadziwa kuti khadi ija imakandidwa Lamlungu lililonse.

Khirisimasi inafika. Tinapita ku phwando la Amalawi ku holo ina ku Foleshill, ku Coventry, kumene Chichewa cha ku Lilongwe, cha ku Blantyre ndi Chinyanja cha ku Zambia zinkasakanikirana ndi nkhani za mashifiti ndi malendi, ana tonse tikuthamanga pakati pa mipando. Adadi anali atanong'oneza kale anzawo awiri atatu, ndiye mukudziwa mmene nkhani imayendera. Azimayi ankawapatsa amayi mpando, kuwawonjezera nyama, maso awo n'kumatsikira pamimba. Koma pamimbapo panali mmene panalili. Amayi m'malo monenepa ankaonda, siketi n'kumazungulira m'chiuno. Mu Januwale mluzu wa adadi unayamba kuchepa. Ankafunsa za sikelo, kuti akupita liti, nanga chithunzi chija amajambula mwana ali m'mimba chili kuti. Amayi ankati akuziona okha kuntchito. Kenaka Lamlungu lina ndinamva azakhali pa foni, mawu atatsitsa koma akumvekabe. "Mimba yosaoneka mpaka pano? Manesi amadziwa zambiri, achimwene. Tafufuzani chimene akumwa."

Loweruka lotsatira, masana, ine ndi amayi tikuchokera ku laibulale, tinapeza chitini cha mabisiketi chili patebulo, chotsegula, mizu yonse itayalidwa pa nyuzipepala. Adadi anali atakhala pomwepo atavala jekete, ngati mlendo. Kwathu mkazi akamawiritsa mizu mobisa, mimba yake n'kusowa, aliyense amadziwa kuti watani. Adadi sanafunse dzina la mizuyo kapena ntchito yake. Anangoti, "Tiya, pita m'mwamba." Ndinakakhala pansi m'chipinda changa, nditatsamira kabedi kaja, fungo la penti lili m'mphuno. Mawu a amayi sindinkawamva, anali otsika kwambiri, ankangomveka ngati madzi a m'paipi. A adadi okha ndiwo ankaboola matabwa mpaka pamene ndinali. "Mwana wanga ali kuti?" "Bodza! Bodza limenelo, Nabanda!" "Mwandiphera mwana chifukwa cha mashifiti?" Kenaka ndinamva chimene sindinkachiyembekezera, adadi akulira, kulira kwa mwamuna wamkulu, kokhala ngati kutsokomola. Chitseko cha kumaso chinatsekedwa mwakachetechete. Nditatsika, kunja kunali kutayamba kuda, ndipo amayi ankatola mizu ija umodziumodzi n'kumabwezera m'chitini.

Kutchalitchi adadi sakananena zimene ankakhulupirira, manyazi ake akanatigwera tonse. Anauza mkazi wa mkulu wa mpingo kuti amayi apita padera. Ndiye Lamlungu masana azimayi anabwera kudzapepesa, ena a ku Wolverhampton konkuno, ena ochokera mpaka ku Coventry, ena atangoweruka ku naiti, maso ali psuu. Majekete awo anaunjikana pa masitepe. Anakankhira mipando kukhoma n'kukhala pansi pa kapeti, miyendo atatambasula, zitenje atamanga pamwamba pa mathalauza. Amuna sanalowe, zimenezi n'za azimayi okha. Padera salira mokweza, ndiye ankangoimba motsitsa, wina n'kupemphera, wina n'kunena za wake amene anataya ali ku Zomba, wina za ake awiri. Mawindo anachita nthunzi. Amayi anali pakati, atafunda chitenje kumutu, ndipo poyamba anali gwa, osaphethira n'komwe. Koma mayi wina wa ku Zambia atawagwira dzanja n'kunena kuti, "Pepani amake Tiya, thupi ili limatipusitsa ife azimayi," amayi anagwetsa mutu pamiyendo pa mayiyo. Analira mpaka mapewa kugwedezeka, nyimbo inatha iwo asanatonthole. Ine ndinali pakona, kuseri kwa sofa, ndikulira Dalitso wanga.

Asanachoke, mkazi wa mkulu wa mpingo uja anawakokera amayi pambali n'kuwakumbutsa mwambo, kuti munthu amene wapita padera sagwira mchere kufikira atayera. Ndiye ntchito yanga ija inabwerera, tsopano ya tsiku ndi tsiku. "Tiya, tabwera kuno kukhitchini." Ndinkatapa, n'kuwaza, amayi manja ali kumbuyo, akusunga mwambo wa chinthu chimene sichinachitike. Sindinkanyadanso. Adadi ankadya maso ali m'mbale, ndipo akamaliza ankatsuka mbale yawo yokha. Ankagona pa sofa atafunda jekete. M'nyumba munali zii, moti wina akagwetsa supuni tonse tinkadzidzimuka.

Adadi sanachoke tsiku limodzi. Anati mashifiti asintha, ndi bwino azigona kwa mnzawo kufupi ndi kuntchito. Ankabwera Loweruka, kenaka Loweruka lina osabwera, kenaka ankangoimba foni n'kupempha kulankhula ndi ine. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza pamene panali kabedi patangotsala timaenje ta miyendo yake pa kapeti. Ndinadzakaonanso patapita zaka ku Foleshill, m'nyumba ya mayi wina, mutagona mchimwene wanga amene adadi anabereka ndi mayiyo, amene ndimamukonda mpaka lero poti iye alibe mlandu. Chitini chija amayi sanachibisenso. Chinkakhala pa shelefu pafupi ndi shuga, ndipo anapitiriza kuwiritsa mizu yawo mpaka masiku anayamba kutalika, maluwa achikasu n'kutuluka m'mbali mwa ngalande. Ine ndinkachiopa. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti madzi ofiira aja ndi amene anasungunula mwana, ndipo kapoto kakayamba kubwata ndinkathawira m'mwamba n'kutseka chitseko. Palibe anandiuza zosiyana, poti nkhani zotere sauza mwana.

Ndinadzafunsa ndili kale pa banja langa, tsiku lina ndikuwaperekeza amayi kukayezetsa maso, titaima pa mzere wa magalimoto, mvula ikugwa. Anandiuza osandiyang'ana. Anati Loweruka la mkangano lija anawauza adadi zonse: kuti mwana panalibe chiyambire, kuti asiya kusamba, kuti mizu ija inali ya kutentha basi, ndipo ngati sakukhulupirira apite limodzi kwa dokotala Lolemba. Adadi anakana. Anati amayi awo anabereka mzime ali aakulu kuposa pamenepo. Amayi akuti anawaona m'maso kuti akumva ndithu. Koma kwa adadi kunali kopepuka kukhala ndi mkazi woipa kusiyana ndi kuvomera kuti anasangalala pagulu, n'kuuza anzawo ndi abale kumudzi, mwana kulibe.

Ndinafunsa kuti nanga azimayi aja, bwanji sanawauze zoona, m'malo molola kupepesedwa maliro opanda mtembo. Amayi anapukuta galasi ndi mkono wa juzi. "Ukanakhala iwe ukanawabweza?" anatero. "Zinazi munthu sabwera kudzakupepesa, Tiya. Amangokuuza kuti wakula."

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti masana a chipepeso aja tonse tinkalira munthu mmodzi, kamnyamata kamene sikanafike. Pano ndikudziwa kuti wolira kamnyamatako ndinali ine ndekha. Amayi ankalira ana onse amene sadzabweranso, ndi mwamuna amene ankadziwa kuti akupita. Ndipo m'chisanu chonse chija, limenelo ndi tsiku lokhalo limene anthu anakhala nawo pansi.